Foni inali m'bale wanga ku Joni mpaka tsiku lomwe anandilanda

Sabata yathayi mnyamata wina wakwathu ku Chilobwe anandilembera kuti achimwene ndikunyamuka mwezi wamawa, nditenge chani? Ndinayamba kumuuza za majuzi ndi bulangete, kenako ndinaima kaye chifukwa chomwe chinandiliritsa ine kuno sikuzizira ayi, ndi foni. Ndiye ndati ndingolemba zonse kamodzi, aliyense amene akukonzeka ulendo wa ku Joni awerenge yekha, ine ndatopa ndi ma voice note a maminitsi teni.

Ndinanyamuka mu February 2022. Foni ndinagula ku Limbe, ka Tecno kogwiritsidwa kale ntchito, K55,000, batire yake yosachedwa kutha koma kwa ine chinali chuma. Zonse zinali mmenemo, nambala ya msuweni wanga amene amayenera kundilandira, chithunzi cha pasipoti, chithunzi cha pepala la Covid lomwe nthawi imeneyo ankafunsabe pa boda, manambala a abale onse. Msuweni anati ukafika pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Joni, ungondilembera pa WhatsApp ndibwera. Pa Wenela amayi anandigwira mkono nkuti iwe, nambala ya mkulu wakoyo walemba penapake? Ine nkuseka, ndati amayi zolemba papepala nzakale, zonse zili umu.

Titangodutsa Mwanza kulowa Zóbuè netiweki inayamba kuzimiririka, pang'ono pang'ono basi zii. Ine sindinaganizeko kuti simu yakumudzi siingangogwira yokha m'dziko la eni popanda kukonzeratu za roaming ndi mayunitsi okwanira. Ndiye poti intaneti panalibe ndinayamba kumvera nyimbo, kujambula mlatho wa Zambezi pa Tete, kujambula mapiri, kujambula chilichonse ngati ndapita kokaona malo. Soketi ya pampando panga mu basi inali yakufa. Tinadutsa Nyamapanda, Harare usiku, pofika cha ku Masvingo foni inali itathima. Pa Beitbridge tinakhala maola ambirimbiri pamzere, kutsitsa katundu kukweza katundu, moti mmalo mofika Joni mmawa tinafika cha m'ma 8 usiku.

Abale, Park Station usiku ukakhala mlendo si malo. Anthu ali piringupiringu, wina akukukoka chikwama kuti akunyamulire, wina akukuyankhula Chizulu iwe osamva kanthu. Ndinangokhalira chikwama changa mutu utaima. Mayi wina anandibwereka foni kuti imbani, ndinaigwira mmanja nkuzindikira kuti nambala ya msuweni sindikuidziwa, ndimangokumbuka kuti imayamba ndi 07. Amene anandipulumutsa ndi madala ena a ku Mzimba omwe tinakwera nawo basi imodzi, tchona weniweni wa zaka zambiri kuno. Anatulutsa pawabanki, nkundiyatsira hotspot, ndipo foni itadzuka ndinapeza mauthenga a msuweni okhaokha, uli kuti, ndadikira mpaka 11 ndapita kuntchito, amayi ako akulira kumudzi. Ma taxi opita ku Diepsloot, komwe msuweni amakhala, anali atasiya kuyenda ndiye ndinagona pomwepo pa siteshoni, madala aja anakhala nane mpaka basi yawo ya ku Cape Town itakwana nthawi.

Apa ndiye poyamba pomwe ndimawauza anthu. Nambala ya munthu wokulandira ilembe papepala, pamalo awiri, lina mu pasipoti lina m'thumba la thalauza, ndipo uyiloweze pamtima ngati ndime ya Sande sukulu. Lembanso dzina la malo omwe amakhala. Foni izimitse ukangodutsa Mwanza, uziyatsa pa boda pokha, mlatho wa pa Tete udzaujambula pobwerera. Ndipo womulandirayo umuuze dzina la basi, osangoti ndifika Lachinayi.

Tsiku lachiwiri msuweni anapita nane pa kashopu kena, tinagula simu ya R10. Wogulitsa anati iyi ndi yorejesita kale, ingoika basi. Ine ndinaona ngati mwayi. Kuno kuli lamulo lotchedwa RICA, simu iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu, ndi chiphaso kapena pasipoti komanso umboni wa komwe ukukhala, monga momwe kumudzi tinalembetsera masimu ndi chiphaso cha unzika. Koma m'misewu amagulitsa masimu olembetsedwa m'maina a anthu ena osadziwika. Imagwira bwinobwino, umaimba, umalandira. Vuto lake ndinadzaliona patapita miyezi 9. WhatsApp nayo ndinaisiya pa nambala ya kumudzi, simu yake ili mufoni momwemo mbali inayo, ndinkati abale asasokonekere.

Tsono ndisaname, miyezi yoyambirira ija foni inandithandiza zedi. Msuweni anandilowetsa mu gulu la WhatsApp la aMalawi a mdera lathu, mmenemo mumabwera zonse, kuli ganyu ya mu gadeni ku Fourways, chipinda chapezeka, maliro a mnzathu tisonkhe R50 aliyense thupi lipite kumudzi, lero apolisi atchinga msewu wakuti. Ganyu yanga yoyamba ndinaipeza mmenemo. Google Maps inandiphunzitsa misewu, ngakhale siidziwa kuti taxi ya kwakuti umaiimika ndi chala chotani, zimenezo umaphunzira kwa anthu. Ndikamapita kunyumba ya bwana watsopano ndinkatumizira msuweni live location ya maola 8, kuti ndikasowa adziwe poyambira. Mayunitsi akatha kuli Please Call Me, kufulasha kwa kunoko. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pa Mukuru ndili khale pabedi, amayi nkulandira pa foni yawo, madzulo nkundiimbira kuti zafika mwana wanga. Usiku m'kachipinda ka malata mphepo ikulowa, ukamva mawu a amayi ako mtima umakhala pansi, umagona.

Koma foni yomweyo ndi imene inanditayitsa R1,500 yoyamba. Pasipoti yathu pa boda amadinda masiku 30, ndipo masiku amenewo amathamanga. Pa Facebook ndinaona munthu akuti amakonza mapepala ogwirira ntchito m'masiku asanu, zithunzi za mapasipoti odindidwa zili mbwee, makomenti oyamikira okhaokha. Ndinatumiza theka la ndalama, ananditumizira chithunzi cha fomu, anati onjezera R700 ya munthu wa mkati, nditakana anandibuloka. Nkhani ya mapepala ndi yaitali sindiilowa pano, ndingoti munthu amene simunaonane naye maso ndi maso, amene akulonjeza pemiti pa inbox, akufuna ndalama zako basi. Ndipo choipa china ndinali nditamutumizira chithunzi cha pasipoti yanga.

Mu April 2022 ku Diepsloot kunavuta. Anthu anachita zionetsero zodandaula za umbanda, ndipo mkwiyo unagwera ife obwera. Usiku magulu ankayenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala, ndipo bambo wina wa ku Zimbabwe, Elvis Nyathi, anamenyedwa nkuwotchedwa. Nkhani yake inamveka dziko lonse, nduna ya apolisi ya nthawi imeneyo Bheki Cele inabwera. Usiku umenewo ine ndi msuweni tinazimitsa nyale, tinatsamiritsa bedi kuchitseko, foni tinaichepetsa kuwala nkumawerengera mkati mwa bulangete. Gulu lija linatithandiza ndithu, mnzathu wina amene amakhala chakumtunda analemba kuti ali mumsewu mwathu muno musatuluke, wina nkuti alowera cha ku sitolo. Tinadziwa kuti tisathamangire kuti.

Koma mu gulu lomwelo munalowanso zinthu zoopsa zomwe sizinali za tsiku limenelo. Mavidiyo a anthu akuwotchedwa, ena a zaka zakale, ena ooneka kuti si a South Africa nkomwe, voice note ya mayi wosadziwika akukuwa kuti pofika Lachisanu mlendo aliyense aphedwa. Ine ndinanjenjemera mpaka kutsegula m'mimba, ndinafuna kuthawa usiku womwewo wapansi, msuweni ndi amene anandigwira kuti ukatuluka panopa ndiye ukakumana nawo. Ndipo chopusa chomwe ndinachita, vidiyo imodzi ndinaiika pa status. Mlongo wanga anaiona nkuonetsa amayi, BP inakwera, anagona kuchipatala. Kuyambira pamenepo uthenga ukabwera ndimafunsa kuti waona ndi maso ako? Uli pati? Nthawi yanji? Ngati walembedwa kuti Forwarded many times ndimaupitirira. Manambala a ngozi ndinawasunga tsiku lomwelo, 10111 apolisi, 112 pa foni iliyonse ya mmanja ndipo ndi yaulere. Ndikudziwa ambiri aife timaopa kuimbira apolisi chifukwa cha mapepala, komabe nyumba ikamayaka kapena munthu akamataya magazi uyenera kukhala ndi poimba.

Zinthu zinadzakhazikika, ndinali ndi magadeni atatu pa sabata, ndinayambanso kusunga. Kenako November.

Linali Loweruka masana, ndinapita mtauni kukasiya katundu wa amayi kwa transipota. Pobwerera pafupi ndi renki, pokwerera ma taxi, ndinatulutsa foni kuti ndione njira. Sindinaone komwe anachokera, wina anandikolopa pakhosi chakumbuyo, wina mpeni pamimba, wachitatu nkusolola foni mmanja ndi R300 ya m'thumba. Anthu ankangodutsa. Sizinathe ndi miniti yomwe. Mtauni muno osatulutsa foni pamsewu, lowa mu shopu uwonere mmenemo, aliyense anandiuzapo zimenezi ndipo ndinkazidziwa, koma ukazolowera malo umayamba kudzimva mwini mudzi.

Ndinapempha ndalama ya taxi kwa mayi wogulitsa zipatso. Ndili mu taxi ndinkawerengera mtengo wa foni, osadziwa kuti foniyo ndi yaing'ono pa zomwe zapita. Loko yanga inali yojambula chilembo L, mwana aliyense angatsegule, masimu onse awiri opanda PIN. Manambala ndinkasunga mufoni momwemo osati pa akaunti ya Google, ndipo pasiwedi ya imelo anandipangira mnyamata wa ku Limbe uja pogula, sindinaidziwepo.

Lolemba ndinapita ku shopu ya kampani ya foni kuti anditsekere nambala ndi kundipatsa simu ina ya nambala yomweyo. Anafunsa pasipoti, anayang'ana pa kompyuta, nkuti bambo nambala iyi si yanu, ili m'dzina la munthu wina. Ndinachonderera, ndinatchula manambala omwe ndinkaimbira, anati palibe chomwe tingachite. Sindingawadandaule, ndi ine ndinagula simu ya mumsewu. Anandifunsanso nambala ya IMEI, yomwe foni iliyonse ili nayo yakeyake, kuti foni itsekedwe, ine ndinali ndisanamvepo. Imapezeka ukaimba *#06#, ilembe lero lomwe. Simu yakumudzi nayo mlongo wanga anapita kukayesa kubwezeretsa, anamuuza kuti mwini wake abwere ndi chiphaso chake. Mwini wake ali ku Diepsloot.

Ntchito nayo inasokonekera. Nyumba ziwiri zomwe ndinkagwirako zili mu ma estate a mipanda ija, pa geti sulowa popanda kodi yomwe bwana amatumiza pafoni, kapena alonda amuimbire. Ndinaima pa geti mmawa wonse, nambala ya nyumba ndikuikumbuka mwa apo ndi apo, dzina la bwana ndikudziwa loyamba lokha. Kwina mlonda wina wachifundo anandithandiza tsiku lachitatu. Kwinako bwana anaganiza kuti ndathawa ntchito, pomwe ndimamupeza anali atalemba munthu wina. R350 pa sabata inapita choncho.

Koma chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Lachiwiri madzulo mlongo wanga analandira uthenga pa WhatsApp yanga, chithunzi changa, nambala yanga. Unali m'Chichewa chabwinobwino, achemwali andigwira apolisi akufuna kunditumiza ku Lindela, ndikufunika ndalama msanga, tumizani pa nambala iyi ya mnzanga ali ku Lilongwe iye andipatsa kuno, musaimbe ndili mu selo. Munthuyo anali atawerenga macheza athu akale, anatchula dzina la mwana wa mlongo wanga, analemba mmene ndimalembera ine. Mlongo wanga ankadziwa kuti Lindela ndi kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo, aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni dzina limenelo amaliopa. Anakatenga K60,000 ku banki mkhonde nkutumiza. Mudzafunsa kuti bwanji sindinawachenjeze. Ndinauza msuweni kuti auze kumudzi, iye anauza amayi kuti foni yabedwa, amayi nkuiwala kuuza mlongo wanga yemwe amakhala ku Bangwe, ndipo pa nthawi yomwe iye amapita kukafunsa za simu ndalama zinali zitapita kale. Anandilanda ndi anyamata a kuno, koma amene analemba uthenga uja ndi munthu woyankhula chiyankhulo changa. Ngongole ija ndinabweza ine ndi chiwongoladzanja chake miyezi itatu.

Ndikawerengera zonse, foni, R300, ntchito yotayika, K60,000, ma taxi oyendera, foni ina yomwe ndinagula R900, Khirisimasi ya chaka chimenecho kumudzi sikunapite kanthu.

Nditagula ina ndinayamba mwatsopano. Simu ndinalembetsa m'dzina langa, ndi pasipoti yanga komanso kalata yotsimikiza komwe ndimakhala, kwa ife a m'mikuku amalola kalata ya ku tchalitchi, abusa anandilembera. Uchite zimenezi sabata yoyamba ukangofika, osadikira. WhatsApp ili pa nambala imeneyo tsopano, ndipo ndinaika two-step verification, ka PIN ka manambala 6. Amene muli kale kuno ndi WhatsApp ya nambala yakumudzi, mu settings muli posinthira nambala, macheza ndi magulu sizitayika. Simu ili ndi PIN, foni ili ndi loko ya manambala osati L. Imelo ndinatsegula ndekha, zithunzi za pasipoti ndinadzitumizira mmenemo ndi kwa msuweni. Mtauni ndimapita ndi kafoni kamabatani ka R200, yaikulu imatsala. Ndinagulanso kope la sukulu, mmenemo ndinalemba manambala a abwana ndi maina awo onse awiri ndi keyala, a abale, komanso a anthu atatu oyandikana nyumba ndi amayi, izi ndinangolemba poti tsamba linali ndi malo. Ndipo ndi akumudzi tinapangana kuti aliyense wopempha ndalama m'dzina langa kapena m'dzina lawo ayambe wayankha funso limodzi lomwe silinalembedwepo pafoni, dzina la galu amene tinali naye bambo ali moyo.

Pa 13 March 2023 ndinadzuka mmawa gulu lili ndi mauthenga mahandiredi. Namondwe Freddy, madzi ndi matope ndi miyala zatsika m'phiri la Soche usiku, Chilobwe yakokoloka. Nyumba ya amayi ili chakumtunda. Ndinaimba, sikupezeka. Mlongo wanga, sikupezeka. Magetsi kumudzi anali atazima, mafoni a anthu atathima, kunonso load shedding, kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana madera, inali pachimake, ndinkayang'ana pa app ya EskomSePush kuti magetsi abwera nthawi yanji nditchaje, pawabanki ndikuisunga ngati mankhwala. Pa Facebook anthu ankaika zithunzi za mitembo ali kukumba m'matope, ine nkumakulitsa chithunzi chilichonse kuyang'ana chitenje cha amayi. Tsiku limenelo ndinapita kuntchito koma ndinangoima ndi payipi mmanja, madamu anandiuza kuti pita kunyumba. Foni yabwino, simu ya dzina langa, bandulo yodzadza, zonse zinalipo koma kumbali inayo kunali zii.

Usiku ndinatsegula kope lija nkuyamba kuimbira oyandikana nawo. Woyamba sikupezeka, wachiwiri sikupezeka. Wachitatu, bambo wina wokonza njinga, inaitana koma osayankha. Ndinamusiyira uthenga wamba, osati wa WhatsApp, poganiza kuti mwina netiweki ikabwera pang'ono ulowa. Ndinagona nditakhala tsonga.

Lachitatu cha m'ma 10 mmawa uthenga unalowa kuchokera pa nambala yachilendo. Amayi anu ali moyo ali pa kampu pa sukulu, nyumba yagwa, akuti mutumize kangachepe pa nambala ino alibe chofunda. Manja ananjenjemera, ndinali nditatsegula kale potumizira ndalama, kenako ndinakumbuka K60,000 ija. Ndinalemba kuti pepani bambo, afunseni amayiwo dzina la galu wathu wakale. Panapita maminitsi ngati 20 osayankha, ine ndili m'munda mwa eni ndagwada pa kapinga. Kenako voice note, phokoso la ana ndi mvula pamalata, ndi mawu a amayi atasasa.

"Iwe mwana iwe, ine ndagona pa simenti masiku awiri ndi chitenje chonyowa, iwe ukundifunsa za Adzatopa? Galu anafa kalekale ameneyo. Tumiza ndalamazo, ndipo mlongo wako ali bwino, wabwera dzulo wapansi kuchokera ku Bangwe."

Foniyo inali ya mwana wa bambo wokonza njinga uja, anali ataona uthenga wanga pa foni ya bambo ake atapeza potchaja. Ndinatumiza R800 yomwe ndinali nayo, ya lendi, landilodi ndinakambirana naye madzulo.